Bwalo la m'mudzi si depoti, si shabini

Midzi yathu ilibe paki ngati Njamba ya ku Blantyre kapena munda wa maluwa wa ku Zomba. Chimene ili nacho ndi bwalo: malo athyathyathya pafupi ndi sukulu kapena msika, magolo awiri a mitengo ya bulugama, mizati ya mpira wa manja chakumbali, ndi mtengo wa mango kapena kachere wopereka mthunzi. Pamenepo ndi pomwe ana amathamangira akaweruka kusukulu, pomwe amayi amakwezera ana sikelo, pomwe mfumu imazengera milandu, pomwe anthu amalembetsera zovota ndi kulandirira chimanga chaka cha njala. Palibenso malo ena pamudzi amene munthu wopanda khobidi angakhalepo tsiku lonse osafunsidwa kuti wagula chiyani. Malo amenewa tikuwapereka pang'onopang'ono, popanda msonkhano, popanda wovomereza, kwa anthu awiri: wa galimoto ndi wa mowa.

Chimene ndikupempha n'chachifupi. Mudzi uliwonse wokhala ndi bwalo ugwirizane malamulo awiri, uwalembe, uwakhome poonekera. Choyendera injini chisaponde m'bwalo. Mowa usagulitsidwe kapena kumwedwa m'bwalomo ndi m'mphepete mwake. Ndipo ndineneretu kuti malamulowa adzakhala mapepala chabe ngati sadzayamba kugwira phungu, mfumu ndi mwini golosale yaikulu asanagwire mnyamata wa kabaza.

Galimoto sizilanda bwalo tsiku limodzi. Zimayamba ndi sienta imodzi imene woyendetsa wake waona kuti akadula pakati pa bwalo afika msanga pamsika kusiyana ndi kuzungulira kuseri kwa sukulu. Mawa lake mnzake atsata mizere ya matayala ija. Pakutha pa mwezi pabadwa msewu umene palibe anaulambula. Anyamata a kabaza aona kuti pansi pa mango paja pali mthunzi wabwino, akhazikitsa siteji. Lamlungu m'mawa kubwera wina amene wagula galimoto asanadziwe kuyendetsa, mlamu wake ali pambali kumuuza za magiya, n'kumazungulira magolo. Usiku lole ya mchenga kapena ya mabelo a fodya igona pomwepo chifukwa mwini wake alibe mpanda. Aliyense mwa anthu awa ali ndi chifukwa chomveka, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anapempha eni bwalo.

Madalaivala amakonda kunena kuti pabwalo amayenda pang'onopang'ono. Tiyeni tiwerengere. Galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola, liwiro limene dalaivala aliyense angalumbire kuti akungokwawa, imadutsa mamita oposa 8 pa sekondi imodzi. Sekondi imeneyo ndi nthawi imene munthu wosamwa, wogona tulo tokwanira, amatha asanasamutse phazi kupita pa buleki. Woyendetsa lole akamabwerera m'mbuyo saona mwana wa zaka zitatu amene wakhala pansi kuseri kwa tayala, ngakhale magalasi onse atakhala athunthu, ndipo tikudziwa tonse kuti ambiri si athunthu. Mwana wothamangitsa mpira sayang'ana kumanzere kapena kumanja, ndipo sakulakwa. Tinamuuza ndife kuti asamasewere pamsewu, azipita kubwalo. Iye wamvera. Ife ndiye tamulondola ndi msewuwo mpaka kubwalo komweko.

Amene anaonererapo mpira wa kumudzi akudziwa zimene zimachitika chigoli chikalowa. Ana, amayi, ngakhale agogo amakhamukira m'bwalo akuimba ndi kuvina, fumbi koboo, osaonana. Ndi chisangalalo chathu chimenecho, ndipo sindikufuna kuti chithe. Koma m'fumbi lomwelo masiku ano mumalowanso njinga zamoto, zikulira hutala, wina atakweza anzake awiri, kuzungulira pakati pa anthu posonyeza kuti timu yawo yachinya. Pitani mukafunse anamwino a kumawodi a mafupa ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central kuti ngozi za njinga zamoto zawadzazira mabedi motani zaka zino. Mwendo wa mwana ukathyoka kumudzi, ulendo wake ndi wautali: kuchipatala chaching'ono, kuchipatala cha boma, kenako kudikira kutumizidwa kutauni, mayi ake atasiya munda nthawi yopalira kukagona m'khonde la chipatala monga womudikirira. Wa njinga uja nthawi zambiri alibe inshuwalansi, mwina ngakhale nambala.

Ngakhale pasapezeke wogundidwa, bwalo lenilenilo limafa. Lole yodzaza ikadutsa panthaka yonyowa mu Januwale imasiya ngalande ziwiri. Mvula yotsatira imatsata ngalandezo, imakokolola dothi, kapinga amauma pomwe nthaka yatsindirika, ndipo pofika mu Meyi pakati pa bwalo pamakhala chigwembe chimene chimabzungunyula akakolo a osewera chaka chonse. Mudzi ulibe thirakitala yosalazira. Amene amakwirira ndi ana a sukulu, ndi makasu ochokera kunyumba, pa nthawi imene akanakhala m'kalasi. Timanyadira Tabitha ndi Temwa Chawinga, ndipo n'koyenera: mu 2024 Temwa anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America n'kusankhidwa kukhala wosewera woposa onse. Koma ana a ku Rumphi amenewa sanayambire pa Bingu National Stadium. Anayambira pamabwalo a fumbi a kwawo. Sitingaombe m'manja tikamva maina awo pawailesi kwinaku tikulola lole ya njerwa kugona pamalo pomwe mtsikana wina akanaphunzirira kumenya mpira.

Nkhani ya mowa ndiyo yowawa kwambiri, chifukwa dziko lino linayesapo kale kulimbana nayo ndipo linapambana theka. Tikukumbukira zaka za masacheti, pamene mowa waukali unkagulitsidwa m'timapepala pa mtengo wa mandasi, ana a pulayimale n'kumaubisa m'matumba a yunifolomu. Boma linauletsa mu 2015, opanga anathamangira kukhoti, nkhani inakokedwa, ndipo pamapeto pake masacheti anachoka. Koma mowawo sunachoke. Unangosamukira m'timabotolo tapulasitiki timene anthu akutitcha midoli, totsika mtengo, tolowa m'thumba la buluku. Mu 2017 tinakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Lamulo la mowa limaletsa kugulitsa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo limafuna kuti wogulitsa akhale ndi chiphaso cha malo odziwika. Mu 2024 ku Blantyre anthu anafa atamwa mowa umene omwawo anaupatsa okha dzina loti "Ambuye ntengeni". Zonsezi zinalembedwa, zinakambidwa m'mawailesi. Nanga tsiku la mpira, pansi pa mtengo wa pabwalo, ndani amafunsa chiphaso? Ndani amafunsa zaka?

Pabala pali khoma ndi chitseko. Mwana akalowa amaoneka kuti walowa polakwika, ndipo mwini bala amadziwa kuti chiphaso chake chili pachiswe. Pabwalo palibe khoma. Wogulitsa amabwera ndi chikwama kapena chigubu, amakhala pakati pa amayi a zitumbuwa ndi a nzimbe. Wotumidwa kukagula ndi mwana, chifukwa bambo safuna kuphonya chigoli. Wotola timabotolo kuti akagulitse kapena akapangire galimoto zoseweretsa ndi mwana, ndipo madontho otsalira amathera pakamwa pake. Mnyamata wa zaka 12 amene amaonerera mpira Loweruka lililonse pakati pa akuluakulu ogwira midoli amaphunzira phunziro limodzi mosaphonya: kuti mwamuna amasangalala chonchi.

Ndiye onani amene amachoka pabwalo mowa ukalowa. Atsikana a mpira wa manja ndiwo oyamba, chifukwa palibe mtsikana angadumphe momasuka pamaso pa gulu la amuna oledzera amene akumutchula ziwalo mokuwa. Makolo awo amawaletsa, ndipo timu imatha osalengeza. Otsatira ndi amayi a ana aang'ono. Kenako woyimbira mpira wabwino amakana kubweranso, popeza anathamangitsidwapo ndi miyala chifukwa cha penate. Otsala ndi omwawo. Mmawa wake ana a sitandade 1 amabwera kudzasewera opanda nsapato pamalo pamene pali magalasi a mabotolo osweka ndi fungo la mkodzo kuseri kwa golo. Bala la galasi kuphazi, m'dothi lomwe mumadutsa mbuzi ndi ng'ombe, ndi khomo la kafumbata.

Zoipa ziwirizi zikakumana ndi pomwe ine mtima umandithawa. Mwini galimoto amaimika m'mphepete mwa mzere, amatsegula kumbuyo, nyimbo zili pamwamba, mowa uli m'chibokosi. Amamwa mphindi 90 zonse, kuphatikizapo nthawi yopumulira. Wezulo yomaliza ikalira, dzuwa likulowa, anthu mazanamazana akubalalika mbali zonse, iye amaliza galimoto pakati pawo. Lamulo la pamsewu la 1997 limaika malire a mowa m'magazi a woyendetsa pa magalamu 0.08 pa mamililita 100 aliwonse. Koma kachipangizo kopumiramo kali ndi apolisi a pamsewu wa M1, sikadzafika pabwalo la kwa gulupu. Mudzi sungayeze magazi a munthu. Chimene ungathe ndi kuonetsetsa kuti galimotoyo yaima kutali ndi khamu, ndipo mowawo uli kutali ndi bwalo, kuti wofuna zonse ziwiri ayende wapansi kaye anthu akumuona mmene akudzandira.

Ena adzati ndikulimbana ndi chikhalidwe. Ayi. Makolo athu ankamwa, ndipo masese ankafululidwa pa ukwati, pa chiliza, pa dima. Koma mowa unali ndi pake. Unkamwedwa pakhomo pa wofulula, akuluakulu atakhala pansi, chipanda chikuyenda, ntchito itatha, ndipo mwana akayandikira ankathamangitsidwa. Ana ankapatsidwa thobwa. Munthu akabwera pabwalo la milandu ataledzera ankabwezedwa, mwinanso kulipitsidwa nkhuku. Kumwa mowa waukali wa m'fakitale masana dzuwa lili pamutu, pakati pa ana a sukulu, si mwambo wa Achewa, Ayao, Alhomwe, Angoni kapena Atumbuka. Ndi malonda atsopano amene apeza msika waulere.

Funso lolemera ndi la amayi ofulula. Pali ana ambiri m'dziko muno amene fizi yawo ya sekondale inachokera mu kachasu, ndipo tsiku la mpira ndilo tsiku limene mayi wotere amapeza ya sopo ndi ya mchere. Sindingamunyoze. Koma lamulo limene ndikunenali silikumuletsa kufulula kapena kugulitsa. Likungoti agulitsire pakhomo pake kapena pamalo amene mudzi wapatula, patali ndithu ndi bwalo, mwachitsanzo mamita 200. Waludzu amayenda, sanalepherepo. Ndipo tisaiwale mayi winayo, wa mandasi, chimanga chootcha ndi mafilizesi, amene makasitomala ake ndi ana ndi amayi omwe aja akuthawa pabwalo. Nayenso ali ndi fizi yoti alipire. Chimodzimodzi anyamata a kabaza: siteji akuifunadi, ndipo pa tsiku la mpira ndiwo amabweretsa theka la oonerera. Apatsidwe malo awo pakhomo lolowera, mbali ya kumsewu, abzalidwire mitengo ya mthunzi. Wapampando wa siteji akhale nawo m'komiti ya bwalo. Anyamata amenewa ali kale ndi malamulo awo a pasiteji, amalipitsana okha wina akaba kasitomala wa mnzake. Akalimva lamuloli kuti ndi lawo, adzalisunga kuposa wina aliyense.

Nanga mphamvu yoika malamulo otere mudzi uli nayo? Uli nayo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo, ndipo makhonsolo omwewo ndiwo amapereka ziphaso zogulitsira mowa. Pali makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, pali khansala amene ntchito yake ndi kunyamula nkhani zotere kupita nazo kukhonsolo. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linabweretsa makomiti oyang'anira malo, otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu mwa iwo amayi. Kumene komiti yotere ilipo, ntchito yake yoyamba ikhale kulemba malire a bwalo, chifukwa bwalo lopanda malire limadyedwa m'mbali: lero okala, mawa shabini, mkuja maziko a nyumba. Ngati bwalo ndi la sukulu, komiti ya sukulu ndi mphunzitsi wamkulu ali ndi mawu, ndipo sayenera kuchita manyazi kuwagwiritsa ntchito.

Taonanso kuti malamulo a m'midzi amaluma akafuna eni ake. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu. Chimene anthu amaiwala n'chakuti sanayambe ndi kulanga makolo osauka okha. Anasainitsa mafumu a pansi pawo pangano, ndipo nyakwawa zimene zinapitiriza kuloleza maukwatiwo anaziimitsa paudindo. Lamulo linagwira chifukwa linayambira kumtunda. Ku Ntcheu, Inkosi Kwataine anatchuka ndi malamulo olimbikitsa amayi kukachirira kuchipatala. Kumeneko kulinso chenjezo: m'madera ambiri amene anatengera njirayi, chindapusa cha wochirira kunyumba chinkagwera mayi wosauka wokhala kutali ndi chipatala. Lamulo la m'mudzi likhoza kuteteza ofooka, likhozanso kuwafinya, malingana ndi amene layamba kumugwira.

Apa ndi pomwe pali nkhondo yeniyeni. Wophwanya lamulo la bwalo woyamba sadzakhala mlendo. Adzakhala phungu pa tsiku la fainolo ya chikho chake, galimoto zitatu zikulowa mpaka pakati pa bwalo, anyamata ake atalendewera m'mbali, ena atagulidwa kale ndi midoli kuti aziimba mokweza. Adzakhala bwana wa bungwe lothandiza amene sangayende mamita 50 kuchoka pa Land Cruiser kufika pa tebulo la alendo. Adzakhala m'busa wa chitsitsimutso ndi lole ya zokuzira mawu. Adzakhala mwana wa mfumu amene wabwera ku Joni ndi galimoto ya nambala yachilendo ndipo akufuna kuti mudzi wonse uione. Ndipo wa komiti, amene dzulo analanda kiyi wa njinga ya mnyamata wa kabaza, lero adzavula chipewa n'kuchotsa chotchinga ndi manja ake. Zikatero lamulo latha. Mnyamata uja waona, ndipo sadzamveranso.

Aphungu olemekezeka, chikho munagula n'chabwino ndipo ana akuthokoza. Koma mipira ndi yunifolomu sizikupatsani bwalo. Tsikani pakhomo, yendani wapansi pakati pa anthu amene anakuvoterani. Mafumu athu, zikomo, inu ndinu eni nthaka, koma kreti ya mowa imene wogulitsa amatumiza kunyumba kwanu madzulo a tsiku la mpira anthu amaiona, ndipo amadziwa chimene yagula.

Zopatula zilipo, ndipo zilembedwe poyera kuti pasakhale wozipanga payekha. Ambulansi ilowe. Galimoto yonyamula maliro kapena munthu wolumala ifike pomwe ikuyenera kufika. Lole ya chimanga cha chithandizo kapena ya feteleza itsitsire m'mphepete, mbali imodzi yodziwika, nthaka ili youma, munthu wamkulu akuyenda patsogolo pake kuchotsa ana. Zathera pomwepo. Udindo wa munthu si chifukwa.

Kusunga lamuloli kusadalire mlonda, chifukwa mlonda amatopa, amaopa, amagulidwa. Kudalire zitsa. Matayala akale okwiriridwa theka, mizati ya mitengo yotalikirana moti munthu, njinga yakapalasa ndi njinga ya olumala zidutse koma galimoto ikanike, mzere wa vetiva kapena wa mitengo ya keshya kumbali ya msewu: zonsezi mudzi ungachite pa Loweruka limodzi la chitukuko, osadikira ndalama za thumba la chitukuko la CDF. Nkhadze isabzalidwe, utomoni wake ndi woopsa m'maso mwa ana. Khomo likhale limodzi, la mtengo wopingasa, ndipo kiyi asunge anthu awiri, mmodzi akhale mayi. Njinga yamoto idzapeza mpata pakati pa mizati, n'zoona, ndipo apo ndi pomwe wapampando wa siteji adzagwire ntchito yake.

Chindapusa chikhale chodziwika kale, chofanana kwa aliyense, ndipo chikhale ndi lisiti. Ndalama zake ziwerengedwe pamsonkhano wa mudzi, zigule laimu wolembera mizere, ukonde wa magolo ndi chimbudzi cha pabwalo, chimene mabwalo ambiri alibe. Wopanda ndalama akwirire maenje kapena atole magalasi. Kumenya kusakhalepo. Taona kokwanira m'dziko muno mmene gulu la anthu okwiya limasandukira khoti, ndipo achitetezo cha m'mudzi akapatsidwa mpata wokwapula woledzera lero, mawa adzakwapula amene ali naye mangawa. Wokana kumvera, kapena wogulitsa mowa kwa ana, dzina lake lipite kupolisi ndi kukhonsolo, kumene kuli lamulo lomudikira kale.

Nthawi yolembera malamulowa ndi pamene pabwalo pali bata, mvula isanayambe, zikho zisanalengezedwe, andale asanayambe kuyendayenda. Akalembedwa pa sabata ya fainolo adzaoneka ngati akulimbana ndi munthu wina wake, ndipo adzafera m'mikangano ya zipani. Komiti ya chitukuko iitanitse msonkhano, amayi a mpira wa manja ndi aphunzitsi alankhule oyamba, gulupu asaine, khansala atenge kope limodzi apite nalo kukhonsolo kuti likadindidwe. Kope lina litumizidwe kwa phungu ndi kalata yomuuza malo amene galimoto zake zidzaime.